Mmene mungasankhire dera logona mukamapita ku tauni ya m'mbali mwa nyanja

Anthu ambiri akamakonza ulendo wa kunyanja amayambira pa chipinda. Atsegula Booking.com kapena Airbnb, aona bedi loyala bwino, khonde lokhala ndi timipando tiwiri, kumbuyo kwake madzi a buluu, basi alipira. Akafika m'pamene amazindikira kuti malo aja ali pamwamba pa chitunda, kukafika kugombe ndi mphindi 40 wapansi, boti lomaliza linapita kalekale, kapena pansi pa windo pomwepo pali bala yomwe imatseka mbandakucha. Chipinda chimakhala chabwino ndithu monga chinalili pachithunzi paja koma dera ndi lomwe silinagwirizane ndi ulendo wawo. Nde ine ndikuti yambani ndi dera, chipinda chibwere pambuyo.

Tauni ya kunyanja siikhala yozungulira ayi, imatalika motsatira gombe ngati lamba, kutsogolo madzi kumbuyo phiri, ndipo nthawi zambiri msewu waukulu umakhala umodzi wokha. N'chifukwa chake kuphonya dera kuno kumapweteka kwambiri kusiyana ndi mumzinda wamba momwe njira zodulira zimakhala mbwee.

Zofunika musanayambe

- Foni kapena kompyuta yokhala ndi Google Maps, ndi data yokwanira chifukwa zithunzi za satellite ndi Street View (zithunzi zoonetsa misewu ngati mukuyendamo) zimadya data
- Pepala ndi cholembera
- Masiku enieni a ulendo, komanso ola lomwe mukafike ndi lomwe mudzanyamuke
- Nthawi zonyamukira maboti, mabasi ndi sitima za mwezi womwe mukupitawo
- Mndandanda wa omwe mukupita nawo, mulembe ngati pali mwana woyenda pakangolo, agogo, woyembekezera kapena wina wovutika mawondo
- Bajeti yonse ya ulendo, osati ya chipinda chokha

Gawo loyamba: dzidziweni kaye inuyo

1. Lembani tsiku limodzi la ulendowo kuyambira kudzuka mpaka kugona

Musatsegule mapu kaye. Papepala paja lembani mmene mukulionera tsiku labwinobwino, kaya mukufuna kudzuka n'kulowa m'madzi musanadye chilichonse, kaya masana muli pa boti kuzungulira midzi ya tsidya lina, kaya madzulo mukufuna kovina kapena 9 koloko mukhale mutagona. Kenako zungulizani zinthu ziwiri zomwe muzidzachita tsiku lililonse. Ziwiri zokha. Dera lanu likhale loti zinthu ziwirizo muzizifikira wapansi, zina zonse zochita kamodzi mutha kukwerera basi kapena takisi.

Chenjezo: ngati mukupita gulu aliyense alembe lake. Apa m'pomwe maulendo ambiri amasokonekera, wobuka amasankha dera la mabala chifukwa iye amakonda usiku pomwe mayi wa mwana wa miyezi isanu ndi umodzi ali m'gulu lomwelo sanafunsidwe. Wofooka kwambiri pakuyenda ndi amene ayenera kulamula dera.

2. Dziwani kuti m'tauniyo mulowera pati

Musaganize kuti tauni yotchuka ndiye kuti ili ndi siteshoni. Ku nyanja ya Como ku Italy, Varenna ili ndi siteshoni ya sitima ndipo kuchokera ku Milano Centrale ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi, koma Bellagio yomwe aliyense amaifuna ilibe njanji, mumakafika pa boti kapena pa basi. Ku nyanja ya Garda ku Italy komweko sitima imaima kumwera kokha, pa Desenzano ndi Peschiera, nde ngati mwabuka ku Riva del Garda kumpoto kwenikweni dziwani kuti mukatsika sitima ulendo ukadalipo. Ku Bled ku Slovenia siteshoni yaikulu ya Lesce-Bled ili makilomita pafupifupi 4 kuchokera kunyanja. Ku Hallstatt ku Austria siteshoni ili tsidya lina la nyanja, mukatsika mumawoloka pa boti.

Lembani polowera panu, muike kapini pa mapu, ndipo funso likhale lakuti pa ola lomwe ndikufikalo, ndi zikwama zanga, ndichoka bwanji apa kukafika pakhomo.

Chenjezo: ofika usiku kapena onyamuka m'mamawa musachite manyazi kugona usiku umodzi pafupi ndi siteshoni kapena bwalo la ndege, kenako n'kusamukira kugombe kutacha. Ndipo ngati mukupita pa galimoto funsani za poimika musanalipire. M'matauni akale a ku Italy muli misewu yolembedwa ZTL momwe galimoto yopanda chilolezo ikalowa kamera imaijambula chindapusa n'kukutsatirani, pakati pa Sirmione ndi chitsanzo chimodzi.

Gawo lachiwiri: tsegulani mapu tsopano

3. Gawani tauniyo m'magawo

Mayina amasiyana koma pafupifupi tauni iliyonse ya kunyanja ili ndi magawo omwewa.

Pali pakati penipeni, pomwe pali doko, malesitilanti, mashopu ndi mabala. Apa chilichonse chili pafupi, simufuna galimoto, koma ndi podula komanso paphokoso, ndipo masana pamadzaza anthu obwera tsiku limodzi. Ku Pokhara ku Nepal gawo limeneli ndi Lakeside m'mbali mwa nyanja ya Phewa, ndipo mukatsikira ku Damside kumakhala kwabata kusiyana ndi uko.

Pali malekezero a gombe, mphindi 15 kapena 25 wapansi kuchoka pakati. Ine gawo limeneli ndi lomwe ndimauza anthu ambiri kuti ayambe kuyang'ana, makamaka a banja, chifukwa madzi ndi omwewo, mtengo umatsikako, usiku mumagona, ndipo ngati pali kanjira koyenda wapansi kotsatira gombe ulendo wopita pakati umakhala wosangalatsa pawokha. Chofunika n'kutsimikiza kuti kanjirako kalipodi, osati muziyenda m'mphepete mwa msewu wa magalimoto wopanda podutsa anthu.

Pali kuphiri, komwe zithunzi zokongola kwambiri zimachokera. Ku Queenstown ku New Zealand, Fernhill ndi wotero, nyanja ya Wakatipu mumaiona yonse koma chikweza chake si chamasewera.

Pali kumsewu waukulu kapena kufupi ndi bwalo la ndege, kotchipa, kuli masupamaketi ndi poimika galimoto koma pakati pa tauni pali patali, ngati Frankton ku Queenstown komweko, makilomita pafupifupi 8 kuchokera pakati. Ndiye pali tsidya lina, timidzi tomwe timadalira boti.

Jambulani magawowa papepala ngakhale mokhotakhota, mufufute omwe sakugwirizana ndi zinthu ziwiri zija. Atsale awiri.

Chenjezo: tauni ina imasintha nkhope pa msewu umodzi wokha. Ku South Lake Tahoe ku America mukangodutsa malire kuchoka ku California kulowa Nevada, pa Stateline, mwalowa m'dera la makasino akuluakulu osagona usiku. Dzina la tauni pa bukingi silikuuzani zimenezi, mapu ndi omwe amakuuzani.

4. Yezani mtunda ndi miyendo, osati ndi maso

Apa khalanipo pang'ono chifukwa m'pomwe ambiri amagwera. Mawebusaiti obukira akalemba kuti mamita 600 kuchokera pakati nthawi zambiri amayeza mzere woongoka, sawerengera kuti pakatipo pali madzi, njanji, mpanda wa hotela ina kapena phompho. Inu tengani adilesi ya malowo, muilowetse mu Google Maps, musankhe kamunthu koyenda wapansi, muyeze kupita kumalo atatu: posambira, pokwerera boti kapena basi, ndi pogulira chakudya. Munthu wamba amayenda kilomita imodzi pa mphindi 12 pamalo osalala, ndi ana kapena agogo onjezerani theka lake.

Mukatero tembenuzani ulendowo, muyeze wobwerera. Pansi pa njira yomwe yasankhidwa pamaoneka kachithunzi kosonyeza mamita okwera ndi otsika. Mamita 100 aliwonse okwera amaonjezera mphindi pafupifupi 10, ndipo mphindi zimenezo mudzaziyenda madzulo mutatopa ndi dzuwa, mwana wagona paphewa, m'manja muli botolo la madzi la malita asanu ndi matawulo onyowa. Kutsika m'mawa aliyense amatsika akuseka, nkhani ndi kukwera kwake. Ngati njirayo ili ndi masitepe, sutukesi ya matayala muinyamula pamanja, kangolo ka mwana chimodzimodzi, ndipo Street View ikuonetsani masitepewo mukayendetsa kamunthu kachikasu ka pa mapuwo kuchokera kumsewu mpaka pageti.

Madzi nawonso amanamiza maso. Kelvin Heights mukaiona kuchokera pakati pa Queenstown ili pafupi kwambiri, kungowoloka kamadzi, koma pa galimoto mumazungulira kudzera ku Frankton mphindi pafupifupi 20. Interlaken ku Switzerland ili pakati pa nyanja ziwiri, ya Thun ndi ya Brienz, koma msewu wake waukulu wa mahotela suli pagombe la iliyonse, wofuna kudzukira m'mbali mwa madzi amayang'ana kumalo ngati Bönigen.

Chenjezo: pakalembedwa m'Chingelezi kuti "lake view" ndiye kuti nyanja ikuoneka basi, mwina kachidutswa chabe pakati pa madenga awiri, sizikutanthauza kuti mutha kukafika m'madzi. Ndipo pa Airbnb adilesi yeniyeni nthawi zambiri imabwera mutabuka kale, musanabuke mumangoona dera mongoyerekeza, nde funsani mwini malo dzina la msewu kapena chinthu chodziwika chomwe ali nacho pafupi.

5. Liyang'anitsitseni gombe lomwe lili kutsogolo kwa deralo

Sinthani mapu akhale a satellite n'kukulitsa. Mzere woyera kapena wachikasu ndi mchenga kapena timiyala, wobiriwira wolowa m'madzi ndi bango kapena zomera za m'madzi, mzere woongoka wotuwa ndi khoma la simenti, ndipo mukaona timaboti tambiri tandanda pamenepo ndi doko, si posambira. Onaninso ngati nyumba ndi mipanda zafika mpaka m'madzi chifukwa kunyanja zambiri mbali yaikulu ya gombe ili m'manja mwa mahotela ndi eni nyumba, mutha kugona mamita 50 kuchokera kumadzi koma polowera anthu wamba pali kilomita yathunthu.

Pomwe mtsinje kapena ngalande ikuthira m'nyanja madzi amada mvula ikagwa, pewani kusankha dera chifukwa cha gombe la pamenepo. Pamabango ndi pamadzi odekha m'pomwe udzudzu umachuluka, ndipo kumayiko otentha, makamaka mu Africa muno, malo oterowo ndi omwe nkhono zofalitsa likodzo zimakonda. Ngati nyanja yomwe mukupitayo imadziwika ndi likodzo sankhani dera la gombe lotseguka, lakutali ndi mabango komanso komwe anthu amachapira, ndipo ngati munasamba pitani kuchipatala akakuyezeni patapita masabata angapo mutabwerako ngakhale simukumva kalikonse.

Chenjezo: chithunzi cha satellite chikhoza kukhala cha zaka zapitazo kapena cha nyengo ina, ndipo madzi a m'nyanja amakwera n'kutsika, gombe lomwe mukulionalo mwina lamira kapena lasanduka matope. Pitani pa zithunzi zomwe alendo aika pa Google Maps musankhe zatsopano.

6. Dzuwa ndi mphepo

Ichi n'chachidule koma chimasintha zambiri. Mukagona kugombe la kum'mawa mumayang'ana kumadzulo, nde dzuwa limalowera pamadzi inu mukuona komanso limachedwa kuchoka. Mukagona kugombe la kumadzulo mumaona likutuluka, koma ngati kumbuyo kuli phiri lalitali mthunzi umakupezani msanga masana. Kumalo otentha mthunziwo ndi mwayi, kumalo ozizira ndi chilango.

Mphepo nayo ili ndi nthawi zake. Ku Garda m'mawa kumawomba ya kumpoto yotchedwa Pelèr, masana ya kumwera yotchedwa Ora, n'chifukwa chake a masewera a mphepo amadzaza ku Riva ndi Torbole pomwe a ana ang'onoang'ono amakonda kumwera. Ku Atitlán ku Guatemala mphepo ya Xocomil imavundula nyanja masana, kuwoloka pa boti kumakoma m'mawa. Fufuzani dzina la nyanja yanu limodzi ndi mawu oti mphepo m'chinenero chomwe mungathe, muone mbali yomwe mafunde amamenya.

Gawo lachitatu: usiku, ndemanga ndi ndalama

7. Liganizireni deralo nthawi ya 10 koloko usiku

Mafunso ndi awiri, ndibwerera bwanji, ndipo ndigona kodi.

Pa kubwerera, pezani nthawi ya boti ndi basi yomaliza ya tsiku lenilenilo chifukwa Lamlungu ndi masiku a tchuthi zimasiyana. Ku Atitlán komwe kuja maboti a anthu wamba ochokera ku Panajachel amasiya kuyenda chakumadzulo, wogona ku Santa Cruz akachedwa ndi chakudya chamadzulo tsidya lina amayenera kuchita hayala boti lakelake. Si kuti musagone tsidya lina ayi, timidzi timeneto ndi tokoma kwambiri, kungoti muvomereze kuti madzulo anu onse adzathera komweko, nde onani ngati kuli kodyera kopitirira kumodzi. Pa Street View yang'anani magetsi a mumsewu ndi podutsa anthu, makamaka ngati mukuyenda nokha.

Pa kugona, lembani mawu oti bar, club ndi live music pa mapu muone timapini tomwe tatulukira mozungulira malo anu, musaiwalenso maholo a maukwati. Ndiye kumbukirani kuti phokoso limayenda patali pamwamba pa madzi, makamaka usiku, chifukwa mpweya wozizira womwe uli pafupi ndi madzi umakhotetsera mawu pansi m'malo moti athawire kumwamba, nde nyimbo za tsidya la kagombe zitha kumveka ngati zili pakhonde panu. Pafupi ndi doko injini za maboti zimayamba kulira kusanache, ndipo kunyanja zambiri njanji ndi msewu waukulu zimadutsa m'mbali mwenimweni mwa madzi, chipinda choyang'ana nyanja chimakhalanso choyang'ana malole.

Chenjezo: musadalire mmene malo alili Lachiwiri ngati inu mukagona Lachisanu ndi Loweruka.

8. Werengani ndemanga za dera, kenako funsani mwini malo

Musataye nthawi ndi nyenyezi. Pa ndemanga pali posakira mawu, lembani noise, hill, steps, parking, mosquito, walk, limodzilimodzi, musanje kuyambira zatsopano, ndipo muwerengenso ndemanga za malo awiri oyandikana nawo ngakhale simukufuna kugonako chifukwa phokoso ndi chitunda n'za msewu wonse. Munthu m'modzi akadandaula mwina ndi mtima wake, koma anthu asanu osadziwana akatchula chikweza chomwecho khulupirirani. Ndemanga zothandiza kwambiri n'za omwe anapita mwezi womwe inu mukupita komanso ofanana nanu, a ana muwerenge za a ana.

Mukatero tumizani meseji. Musafunse kuti kodi ndi pafupi ndi nyanja, aliyense ayankha kuti eya. Funsani kuti kuchoka pageti kukafika pomwe ndingalowe m'madzi osalipira ndi mphindi zingati, pali masitepe angati kuchokera pomwe takisi imaima, shopu ndi famase yapafupi imatseka nthawi yanji, pafupi pali omanga kapena chikondwerero masiku amenewo. Mayankhidwe ake akuuzaninso mtundu wa munthu yemwe mukukagona kwake.

9. Phatikizani ndalama zonse kenako bukani

Pa madera awiri otsala aja lembani mtengo wa chipinda, muonjeze mayendedwe a tsiku lililonse kupita ndi kubwera kuchulukitsa ndi anthu omwe mulipo, poimika galimoto, polowera pagombe ngati ndi polipira, ndi msonkho wa alendo womwe matauni ambiri amalipiritsa munthu aliyense pa usiku. Kawirikawiri chipinda chotchipa cha kuphiri chikakwera takisi kawiri pa tsiku chimadzafanana ndi cha kugombe. Pena ayi, makamaka ngati muli ndi galimoto komanso khitchini yophikira nokha, apo kumtunda kumapambana ndithu. Sankhani dera, ndipo tsopano m'pamene muyambe kuona zithunzi za zipinda, za m'dera limenelo zokha. Ngati n'kotheka tengani bukingi yoti mutha kukansela osalipira, ndipo musanachoke kunyumba sungani mapu a deralo mufoni kuti azigwira popanda netiweki chifukwa kuseri kwa mapiri imathawa.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa kawirikawiri

Kusankha tauni yotchuka kwambiri pomwe mukufuna kupuma. Malo oterewa masana amadzaza ndi magulu obwera pa mabasi ndi maboti, kagoneni mudzi woyandikana nawo muzikayendera kotchukako m'mawa kwambiri kapena madzulo iwo atapita.

Kugwiritsa ntchito nthawi za maboti za nyengo ina. Kunyanja za ku Europe maulendo amachepa kwambiri nyengo yozizira, mahotela ndi malesitilanti ena amatsekeratu, dera lomwe mu July lili ndi moyo mu November mutha kusowa ndi kogula mkaka wa mwana.

Kusamukasamuka. Nyanja yaing'ono ngati ya Bled, yomwe mumaizungulira wapansi makilomita pafupifupi 6, siifuna kugona malo awiri. Kugawa masiku kumathandiza pa nyanja zazitali ngati Garda ndi Como, ndipo ngakhale apo musasamuke ngati muli ndi masiku osapitirira atatu, tsiku losamuka limathera pa kulongedza ndi kudikira chipinda.

Kudalira kuti takisi ya pa app ipezeka nthawi iliyonse. M'matauni ang'onoang'ono madalaivala amakhala ochepa ndipo usiku amasowa, pemphani nambala ya takisi kwa mwini malo musanafike.

Kutenga nyumba ya pamadzi penipeni muli ndi mwana woyamba kuyenda, osafunsa ngati pali mpanda kapena geti pakati pa khonde ndi madzi. Nyanja zambiri za kumapiri zimazama pafupi pomwepo ndipo madzi ake ndi ozizira kwambiri ngakhale kunja kukutentha. Ngati mwini malo sakuyankha momveka za mpandawo pemphani chithunzi chojambulidwa kuchokera pakhomo kuyang'ana kumadzi, akapanda kutumiza yang'anani nyumba ya msewu umodzi kumbuyo.